Thumba la Mboni m'Shedi ya Mpunga

Mayi anga anatsikira kulichete asanamvetse ntchito imene ndimagwira. Anthu akawafunsa kutchalitchi ankangoti, "Ameneuja amagwira akuba ku Zomba," ndipo ankanena monyadira ndithu, ngati kuti ndimayenda ndi unyolo m'chikwama. Ndinayesa kangapo kuwafotokozera kuti ine ndine odita, kuti ntchito yanga ndi kulondoloza mabuku a chuma cha mabungwe, kuona ngati akunena zoona, kenako n'kulemba lipoti. Ankamvetsera bwinobwino, n'kufunsa kuti, "Nanga lipotilo limati wakuba ndi ndani?" Ndikayamba kufotokoza kuti silitchula munthu, iwo maso anali atabwerera kale pa lichero la mpunga. Ndinkawaseka mumtima kuti ndi kusaphunzira. Pano ndakula, kusekako kunandithera.

Ndinabadwira kwa Mwambo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, m'banja lolima mpunga ndi chimanga. Nditamaliza maphunziro a zowerengera chuma ndinapeza ntchito ku Zomba, pa kakampani ka maodita ka zipinda ziwiri. Mwini wake, amene ndizingowatcha bwana wanga, anali bambo wachikulire wovala tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ankalemba ndi bolopeni yobiriwira yokha, ndipo ukaibwereka osabweza, tsiku limenelo mu ofesi simunkakhala mtendere. Anali munthu wabwino, woona mtima mpaka kutopetsa. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kukayikira lisiti looneka loyera kwambiri, ndi kufunsa funso limodzi kawiri, m'mawa ndi masana, kuti uone ngati yankho lagona pamodzimodzi. Koma pa nkhani ya lipoti anali ndi mawu amodzi amene ankabwereza mpaka ndinkawalota.

"Chemwali, lipoti la oditi ndi chishango chanu. Musalembe chimene mukukhulupirira. Lembani chimene mungathe kuchiloza ndi chala m'fayilo."

Mwa mabungwe amene tinkawalondolozera mabuku, limene ndinkalikonda linali kopaletivu ya alimi a mpunga kufupi ndi kwathu. Alimi ankabweretsa mpunga wosapuntha nthawi yokolola, kopaletivu n'kuugula pa sikelo, n'kuusunga m'shedi mpaka mitengo itakwera. Ulendo wopita kumeneko ndimaukumbukabe ngati dzulo. Tinkakwera minibasi ya ku Kachulu, yonunkha matemba ngakhale itatsukidwa, ife n'kupanikizana ndi madengu opanda kanthu a amayi okagula nsomba. Tikatsika panjira, makabaza ankatitenga m'tinjira ta m'madimba. Kuwaona bwana wanga ali pa kaliyala wa njinga, miyendo tang'a, dzanja lina lagwira chikwama cha mafayilo, lina lagwira tayi kuti isauluke, kunali kokwanira kundiseketsa sabata yonse. Mphepo yochokera kunyanja inkabwera ndi fungo la matope ndi utsi wa owamba milamba, akakowa akuyenda pakati pa ziputu za mpunga, chilumba cha Chisi chili apo ngati ungachifikire wapansi. Tikafika, amayi a komiti ankatiphikira mpunga wa faya ndi makumba, ndipo bwana wanga, amene ankakana ngakhale botolo la zakumwa kwa makasitomala a m'tauni, kumeneko ankapempha owonjezera. Ankati mpunga si chiphuphu.

Shedi ya kopaletivu inali m'manja mwa bambo wina wachisilamu, wamtali, wowonda, wa ndevu zoyera. Aliyense ankangowatcha bambo a makiyi, chifukwa makiyi a shedi ankawamangirira pa chingwe m'chiuno, pansi pa mkanjo, ndipo ankamveka kulira kwake iwo asanaonekere. Anawasunga makiyiwo kuyambira tsiku limene shediyo inafoleredwa. Malipiro ake anali ochepa, oti munthu wa m'tauni sangadzukire m'mawa, koma ulemu wake unali waukulu. Anthu akakangana za malire a munda ankati, "Tiyeni tikawafunse bambo a makiyi." Mayi akafuna kudzudzula mwana wotomola ndiwo mumphika ankati, "Iwe sudzasunga makiyi ngati bambo aja." Ine ankandidziwa ndili kamtsikana konyamula madzi, ndipo nditabwera ndi fayilo m'khwapa anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Mwanangu, mwabwera kudzatiyeza? Tiyezeni ndithu, sikelo nayonso imafuna kuyezedwa."

Chaka chimene ndikufuna kunenachi chinali chachitatu ndili pa ntchito, ndipo kanali koyamba kuti bwana wanga anditume ndekha kukawerenga katundu wa m'shedi. Kale ankangowerenga matumba. Ine, ndi changu cha munthu watsopano, ndinati tiyezenso kulemera kwake. Matumba anakwanira onse, osasowa ndi limodzi lomwe. Koma titayamba kuwakweza pa sikelo, lililonse linkapepuka poyerekeza ndi zimene zinalembedwa tsiku logula. Kusiyana kwa thumba limodzi kunali kochepa, koma ukaphatikiza shedi yonse, unali mpunga woti n'kudzaza ngolo. Ndinkachita manyazi kuwayang'ana bambo a makiyi.

Iwo sanatekeseke n'komwe. Anandikodola kuti ndiwatsatire ku ngodya ya shedi, kumene kunali thumba limodzi lokhala palokha pamwamba pa njerwa, losokedwa ndi ulusi wofiira.

"Ili ndi thumba la mboni," anatero. "Mlimi akamakolola amakhala ndi changu, ana akufuna fizi, ndiye mpunga amabwera nawo usanaumitsitse. Ukakhala muno umapitiriza kuuma, madzi n'kumachoka. Madziwo tinawagula, koma sitidzawagulitsa. Ndiye chaka chilichonse, tsiku loyamba kugula, ndimapatula thumba limodzi, ndiliyeza, ndilisoka ndi ulusi wofiira. Lachisanu loyamba la mwezi, ndikachoka ku mzikiti, ndimaliyezanso. Onani apa."

Pakhoma panali manambala olembedwa ndi khala, mzere uliwonse chaka chake, kutsika pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi mpaka kuima. Mizere ya zaka zakale inali itayamba kufufutika. Palibe amene anawatuma kuchita zimenezi. Anaziganiza okha, kuti tsiku lina munthu akadzafunsa, pasadzasowe chowayankhira.

Ndinaliyeza thumba la mbonilo. Kenako ndinauza anyamata onyamula katundu kuti asolole matumba angapo pakati penipeni pa mulu, pamene dzanja silingafike popanda kugwetsa zonse. Ndinayang'ana msoko wake, unali womwe uja wa alimi, wosamasulidwapo. Ndinafufuza ngati pali pobooledwa, panalibe. Onse anali atapepuka mofanana ndi thumba la ulusi wofiira lija. Ine ndine mwana wa mlimi wa mpunga, ndinkadziwa kuti mpunga umapepuka ukamauma, kungoti sukulu inali itandiiwalitsa. Ndinatuluka m'shedimo ndilibe chikayiko ngakhale pang'ono. Bambo aja sanatenge ndi kambewu kamodzi komwe.

Nditabwerera ku Zomba ndinawafotokozera bwana wanga zonse mokondwa, ngati mwana amene watola ndalama panjira. Anamvetsera akuzunguza bolopeni yobiriwira ija m'zala.

"Thumbalo analiyeza ndani tsiku loyamba?"

"Iwowo."

"Analisoka ndani?"

"Iwowo."

"Mwezi ndi mwezi pamene ankaliyeza, panali wa komiti? Alipo anasayinira?"

"Ayi, bwana, koma pakhoma…"

"Khomalo mulibweretsa muno tiliike m'fayilo?"

Anavula magalasi n'kundiyang'ana mwachifundo, zimene zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

"Chemwali, ine mdala ameneuja ndimamudziwa kuyambira inu musanabadwe. Ndikudziwa kuti sangabe. Koma munthu sakhala mboni ya mlandu wake womwe. Kopaletivu ilibe makina oyezera chinyezi, ilibe lamulo lolembedwa lonena kuti mpunga ungapepuke mpaka pati. Mawa kukabwera wina wosolola, n'kusoka thumba lake ndi ulusi wofiira, mudzati chiyani? Ife timasayinira umboni, osati khalidwe la munthu."

Sindingawanamizire, mfundo yawo inali yoona. Mpaka lero, wophunzira wanga atandibweretsera khoma la makala ngati umboni, ndikhoza kumufunsa mafunso omwewo. Ndiye tinalemba lipoti lathu, m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse, masamba angapo a mawu ozungulira amene odita aliyense amakopera chaka ndi chaka. Pakati pake tinaikapo chiganizo chimodzi chimene tanthauzo lake linali lakuti, kupatula nkhani ya mpunga wa m'shedi, umene sitinapeze umboni wokwanira wotitsimikizira chifukwa chimene kulemera kwake kukusiyanirana ndi kwa m'mabuku, mabuku a kopaletivu akupereka chithunzi choona. Ndinachitayipa ndine. Ndinachikonzakonza mpaka chinasalala, ndipo ndinanyadira kuti ndayamba kulemba ngati odita weniweni. Za kuuma kwa mpunga ndi za thumba lija tinaziika m'kalata ina yapadera yopita ku komiti, yolangiza kuti agule choyezera chinyezi. Kalata imeneyo, ndinamva pambuyo pake, wapampando anaikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuisunga m'sutikesi kuti isanyowe.

Msonkhano waukulu wa pachaka unachitikira pa khonde la shedi lomwelo. Bwana wanga anali ndi ntchito ina ku Blantyre, ndiye anati, "Pitani inuyo, ndi kwanu, mukawamasulire m'chinenero chawo." Ndinavala suti yanga ya buluu, imene inali imodzi yokhayo, ndi nsapato zazitali zimene zinandichititsa manyazi potsika pa kabaza. Anthu anadzaza, amayi pamphasa, abambo pa mabenchi obwereka ku sukulu, njinga zitatsamira mitengo. Mayi anga analipo, atakhala kutsogolo kuti aliyense adziwe kuti wa sutiyo ndi wawo. Bambo a makiyi anakhala pa mpando wawo wa nthawi zonse, pafupi ndi chitseko.

Ndinawerenga ndime ndi ndime, kumasulira mmene ndikanathera. Za udindo wa komiti, za udindo wa maodita, za malamulo amene tinatsatira. Anthu ankangoyasamula, ena n'kumasenda nzimbe. Nditafika pa chiganizo chija, kusenda nzimbe kunaima. Ndinamaliza, ndinakhala pansi, wapampando n'kufunsa ngati pali mafunso.

Anaimirira mayi wina wamasiye amene ndinkamudziwa, wolima yekha, wosaopa munthu. Anamanga chitenje chake bwinobwino asanayankhule.

"Ine sukulu sindinapite, ndiye mundikhululukire. Zambiri mwawerengazo zandidutsa. Koma ndamva kuti mpunga wathu wachepa m'shedimu. Makiyi amasunga ndi munthu mmodzi. Ndiye inu mwaphunziranu mutiuze mosapsatira, aba kapena sanabe?"

Funso limeneli linali losavuta. Yankho lake ndinali nalo, ndinaliona ndi maso anga, ndinaligwira ndi manja. Chitseko cha shedi chinali kumbuyo kwangaku, thumba lija lili mkatimo. Koma m'mutu mwanga munamveka mawu a bwana wanga, akuti odita sawonjezera pakamwa zimene sanalembe papepala, chifukwa pakamwa palibe fayilo. Ndinaopa kuti ndikanena zina, tsiku lina wina adzati kampani yathu inayeretsa munthu popanda umboni. Ndinaopanso, ndivomere, kuti anthu angati mwana wa pamudzi pompano akuikira kumbuyo mnansi. Ndinaimirira, ndinakonza jekete, n'kuyankha ndi mawu a ku ofesi.

"Lipotili silikunena kuti alipo waba. Likungonena kuti ife sitinapeze umboni wokwanira wotsimikizira chimene chachititsa kusiyanaku."

"Ndiye kuti sanabe?"

"Zimenezo ife monga maodita sitinganene."

Panamveka kung'ung'udza, kuyambira kumbuyo kubwera kutsogolo. Bambo wina anati, "Iii, ngati ophunzira akukanika kunena kuti ayi, ndiye kuti pali kanthu." Wina n'kuponyapo kuti utsi sufuka popanda moto. Wapampando anamenya tebulo kuti anthu akhale chete, koma iyenso nkhope inali itagwa. Ine ndinangoti njo, pepala lili m'manja, ndikudikira kuti bambo a makiyi aimirire afotokoze za thumba lawo. Ndinkati akangoyamba, ine ndivomereza ndi mutu.

Anaimiriradi, koma sanafotokoze kanthu. Anandiyang'ana kaye, osati mokwiya, koma ngati munthu amene akudikira mnzake kuti amalize mawu. Nditaweramitsa nkhope, anapisa dzanja pansi pa mkanjo, anamasula chingwe chija, n'kuika makiyi patebulo mwaulemu, ndi manja awiri.

"Zikomo, abale anga, munandikhulupirira nthawi yaitali. Munthu akayamba kufunsidwa funso limeneli, makiyi asagonenso kunyumba kwake."

Anatenga ndodo yawo n'kumapita. Palibe anawaletsa, palibenso anavota. Msonkhano unapitirira ku nkhani ya mbewu ya chaka chamawa. Madzulo ake mayi anga anandiphikira nkhuku, koma pakudya sanayankhule zambiri. Anangofunsa kamodzi, "Ndiye bambo aja ndi amene wawagwira?" Ndinati sindinagwire munthu. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kudya.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi zimene zinachitika patangotha milungu iwiri. Kopaletivu inkafuna ngongole ku banki ina ku Zomba yogulira mpunga wa chaka chotsatira, ndipo ndinaperekeza wapampando kukapereka lipoti lija. Ndinkaopa kuti chiganizo chathu chiwamanitsa ngongoleyo. Mkulu woona za ngongole, mnyamata wa msinkhu wanga wonunkhira perefyumu, sanayambire n'komwe tsamba loyamba. Anatsegula pamene pali maganizo a odita, anayendetsa chala, anaona siginecha ndi chidindo, n'kutseka.

"Ka 'kupatula' aka musadandaule nako," anatero akuseka. "Makopaletivu a mpunga amakhala nako kawirikawiri. Mpunga umauma, eti? Ife timangofuna tione kuti odita wasayina."

Ngongole inatuluka. Munthu wodziwa kuwerenga lipoti sanaliwerenge, chifukwa ankadziwa kale kuti chiganizocho n'chopepuka. Anthu amene analimvetsera mawu ndi mawu, mwini mpunga aliyense atatchera khutu, ndi amene sitinawalembere. Ndinatuluka m'bankimo ndili ndi mkwiyo umene sindinkadziwa woupatsa.

Bwana wanga nditawauza za makiyi aja anangoti, "Lipotilo linali lolondola." Ndinati inde, linali lolondola. Anatsegula kabati, anatseka, anasuntha mafayilo amene sanafunike kusunthidwa. Tsiku limenelo anaweruka msanga, zimene sankachita.

Chaka chotsatira makiyi anapatsidwa kwa mnyamata wa satifiketi ya Fomu 4, komiti n'kuika maloko awiri, kiyi wina kwa wapampando. Nditabwera kudzayeza, mpunga unali utapepukanso chimodzimodzi. Pamenepo ndiye anthu anayamba kukumbutsana kuti mpunga umauma, ngati kuti ndi nzeru yatsopano, chonsecho aliyense wa iwo ankazidziwa za m'nkhokwe yake. Kalata ija inatuluka m'sutikesi, choyezera chinyezi chinagulidwa. Koma panalibe amene anapita kukagogoda pakhomo pa bambo aja. Anthu manyazi akawagwira amangokhala chete n'kumayembekeza kuti nkhani iiwalika yokha. Ndipo madzi akatayika saoleka, chifukwa pofika nthawi imeneyo iwo anali atasiya kuitanidwa pa milandu ya malire, ndipo ku mzikiti, ndinamva, anali atapempha okha kuti bokosi la zopereka lisungidwe ndi wina.

Masiku ano ndimakhala m'misonkhano ya akatswiri a zachuma, m'mahotela ozizira, tikukambirana ngati malipoti athu ali othandiza. Nkhani yake siitha. A mabanki amati ndi aatali, amangowerenga ndime imodzi. Maakauntanti a m'makampani amati ndi mawu omwewomwewo chaka chilichonse, ungosintha deti. Ife maodita timayankha kuti anthu amayembekezera zimene oditi siinapangidwire, kuti ife si apolisi. Ndiye timawonjezera ndime zina zofotokoza ndime zakale, lipoti n'kunenepa ngati buku la nyimbo, owerenga n'kucheperachepera. Ine ndikaimirira n'kunena kuti tiziyesa lipoti poliwerengera mayi wogulitsa matemba, anzanga amaseka, amati mayi a ku Chilwa ayambapo. Ndimaseka nawo. Komabe pa ntchito zanga za m'midzi ndinayamba kalekale kulemba tsamba limodzi la Chichewa, lonena chimene tapeza, chimene sitinapeze, ndi chimene sitikunena. Bwana wanga analiona tsamba loyamba lotere asanapume pa ntchito. Anang'ung'udza kuti ndikudziika khosi pa mpeni, kenako anatenga bolopeni yobiriwira n'kukonza malo awiri.

Ndimawasowa masiku amenewo, ngakhale anali ndi chilonda chimenechi. Ndimasowa minibasi zonunkha nsomba, ndimasowa mpunga wa pa khonde la shedi, ndimasowa ukali wa mdala wa tayi uja, amene tinamuika m'manda zaka zingapo zapitazo. Ndimadzisowanso ine wa nthawi imeneyo, wa suti imodzi, amene ankakhulupirira kuti chinthu chikakhala cholondola ndiye kuti chatha.

Bambo a makiyi ndinadzakumana nawo kamodzi kokha chichitikireni zimene zija, patapita zaka zitatu kapena zinayi. Ndinapita ku Kachulu kukagula matemba oti ndipite nawo ku tauni. Unali m'mawa, doko lili piringupiringu, amayi akuyanika nsomba pa matandala, anyamata akukankha mabwato m'matope. Ndinawaona atakhala pa bwato lovundikira, kathumba ka zovala kali pambali, akudikira boti la ku Chisi. Anali ataonda kuposa kale. Ndinaganiza zokhota ngati sindinawaone, koma anali atandiona kale.

"Mwanangu! Bwerani kuno. Mayi ali bwanji?"

Ndinagwada pambali pawo, pamchenga wonyowa, osalabadira suti imene ndinavala. Tinalonjerana. Anandiuza kuti akusamukira kwa mwana wawo wamkazi amene anakwatiwa pachilumbapo, kuti maso ayamba kuvuta, kuti kumeneko adzakhala akusoka maukonde a mkamwini. Anafunsa za bwana wanga, ngati akuvalabe chingwe chapakhosi chija pa dzuwa. Tinaseka.

"Bambo," ndinayamba, "za tsiku lija…"

Anakweza dzanja kundiletsa.

"Zinapita zimenezo, Mulungu ndiye amadziwa. Koma poti mwayambitsa nokha, ndikufunseni kanthu kamodzi, ndipite nako kutsidyaku. Osati za pepala, pepala linali la abwana anu. Inuyo, mumtima mwanu, tsiku limene munatuluka m'shedi muja, munkaganiza kuti ndinatengapo?"

"Ayi, bambo. Ngakhale pang'ono. Ndinkadziwa kuti simunabe."

Anatseka maso, n'kupuma mpweya wautali. Milomo yawo inayenda pang'ono, ndikuganiza kuti ankathokoza Mulungu. Atatsegula maso anali akumwetulira, koma misozi ili m'mbali.

"Ayi," anabwereza, ngati akulawa. "Kamawu kakafupi chonchi, mwanangu. Masamba onse aja, kanasowa pokhala?"

Woyendetsa boti anayamba kuitana okwera, ndipo iwo anadzuka movutikira, akutsamira phewa langa. Ndinawanyamulira kathumba kawo mpaka m'madzi ofika m'mawondo.